Tumapaipi tuwili pansi pa bedi

Pansi pa bedi yathu pali katoni ya nsapato, koma mukaitsegula simupezamo nsapato. Muli tumapaipi tuwili twa aluminiyamu, kalikonse kali na kamphete kumapeto komanga na mabauti. Mwana wanga wa zaka 4 akapeza mpata amatulutsa kamodzi, kukaika pakamwa, n'kuyamba kupatsa moni omvela monga mmene amanimvelela pa wailesi. Kwa iye ni maikolofoni. Amake akatuona amangoti, "Tuja tunadya lendi." Dzina lake ni ma clip-on, mahendulo a honda za mpikisano, ndipo anakhala pa honda yanga masabata 7 cabe.

Kuno ku Lusaka njinga yamoto iliyonse timati honda, kaya ni Boxer kaya ni TVS. Yanga ni Honda dzina na mtundu womwe, CB400 Super Four ya masilinda 4, zija zimene zinayamba kupangidwa ku Japan mu 1992. Ni nkhalamba, inapita m'manja ambili isanafike kwa ine, ndipo ninaigula na ndalama za u-MC pa maukwati na makicheni pati, kuwonjezapo cilimba ca miyezi yambili. Ku wailesi sitilandila malipilo. Ndife odzipeleka, tsiku labwino amatipatsako ya transipoti. Conco honda iyi si yodzionetsela. Ndiyo imanicotsa ku Mtendere kuti 05:30 izinipeza mu situdiyo, ndiyo imanipeleka ku midzi ya ku Chongwe kukajambula mawu a alimi, ndiyonso imanyamula amake mwana kupita ku Soweto Market akafuna kukaoda. Inabwela na hendulo wamba, paipi imodzi yopindika yokhala pamwamba, imene umagwila utakhala mowongoka monga uli pa mpando. Zaka ziwili sininaidandaulepo.

Matenda ananigwila ku Pretoria. Msuweni wanga, mwana wa amalume, anapita ku South Africa kale ndipo amasewenza pa galaji ya njinga zamoto. Pamene ninapita kukamucezela, pa Ciwelu cina ananiutsa kusanace. "Vala, tiye ukaone kumene ndalama zanga zimathela." Tinakweza Suzuki SV650 yake pa vani ya abwana ake n'kupita ku Zwartkops, track ili kufupi na Centurion.

Kwa amene simunaonepo track, ni msewu wa tala wozungulila. Wa ku Zwartkops ni makilomita 2.4 cabe. Koma mulibe minibasi yoima mwadzidzidzi, mulibe galu, mulibe munthu wodumpha msewu maso ali pa foni, ndipo onse amayenda mbali imodzi. Tsikulo silinali la mpikisano. Linali tsiku limene aliyense wolipila amaloledwa kulowa, ndipo amakugawani m'magulu: odziwa paokha, apakati paokha, ife oyamba kumene patokha, kumbuyo kwa mphunzitsi. Magalasi oonela kumbuyo amacotsa kapena kumata tepi, cifukwa pa track wobwela kumbuyo ndiye afunika kukupewa, iwe nchito yako ni kuyang'ana kutsogolo. Msuweni ananibweleka covala cake cacikumba, cimene cinanithina pamimba mpaka ninaganiza zoleka nsima ya usiku.

SV ija inabadwa na hendulo wamba monga yanga, koma iye anaicotsa n'kuikapo ma clip-on. Kusiyana kwake ni uku. Hendulo wamba imamangidwa pamwamba pa citsulo cimene cimagwila mafoloko onse awili, cija amakanika amati top yoke. Ma clip-on ni tumapaipi tuwili tosiyana, kalikonse kamaluma foloko yake. Manja amatsika pansi, amapita kutsogolo, ndipo amayandikana. Nitangokhalapo ninaona monga nizagwa camutu, ndipo potuluka pamene tinaimika vani ninali kugwedezeka ngati mwana wophunzila njinga. Koma titalowa mu track n'kuyamba kuthamanga, zonse zinamvana. Cifuwa cinatsikila ku thanki, mphepo inayamba kupita pamwamba pa msana m'malo monimenya pacifuwa. Kulemela kwa thupi kunapita ku tayala la kutsogolo, moti pa kona ninali kumvela m'manja mmene tayalalo likugwilila tala. Ukasunthila matako mkati mwa kona, cigongono ca mkati cimapindika cokha, mutu umatsika n'kuyang'ana kotulukila. Pa hendulo yotambalala dzanja lakunja limatsala kutali, umakhala ngati malaya oyanikidwa pa waya.

Mphunzitsi anatiuzanso cinthu cimene tonse timacita osadziwa. Honda ikathamanga siikhota cifukwa wapotoza hendulo monga wilibala. Ukafuna kupita kumanja umakankhila pang'ono hendulo ya kumanja kutsogolo, honda n'kugonela kumanja. Ukawelama pa ma clip-on mkono umakhala mogona, conco mphamvu yako imakankha kutsogolo m'malo motsindikila pansi. Ninali wocedwa kupambana onse m'gulu lathu. Amayi ena, amene ninawaona na imvi atavula helemeti, ananipitilila kawili. Koma nanenso nitavula yanga ninali kuseka nekha ngati wopenga.

Mu basi yobwelela ninatha mabando kuonelela Brad Binder, mnyamata wa ku Potchefstroom amene anatenga cikho ca Moto3 mu 2016, kenako mu 2020 n'kuwina ku Brno pa mpikisano wake wacitatu cabe mu MotoGP. Ninawelenganso za anyamata a ku London a m'ma 1950 na 1960, amene anali kusonkhana pa Ace Cafe, kuika ma clip-on pa ma Triumph na ma Norton awo kuti afike mamailosi 100 pa ola, amene ni makilomita pafupi-fupi 160. Ninadziuza kuti ngati iwo anali kuyenda nawo pa misewu wamba, ine nilephelelenji? Sininadzifunse kuti mwa anyamata aja ni angati amene anali kupita ku Chongwe na lekoda m'cola.

Msuweni anali na peya ina yosewenzetsako kale. "Nizakugulitsa, koma uyambe wapima foloko," anatelo pa foni. Ninapita kwa ba mudala a ku Kalingalinga amene amanikonzela honda kucokela tsiku limene ninaigula. Anatulutsa vernier m'thumba la ovolosi, kupima, mamilimita 41, cimodzi-modzi na SV. Apa sipafunika kungoyelekeza na maso. Kamphete kakakula ngakhale na milimita 1, palibe bauti imene ingakagwilitse. Ena amatsekelamo kacidutswa ka citini, ndipo tsiku lina akagwila buleki mwamphamvu hendulo imazungulila na munthu wake. Kumene umagwila nako kuli muyeso wake, mamilimita 22, kuti maswichi na ma lever akale akwanepo.

Katundu anafika na munthu wa pa basi ku Intercity. Kuphatikiza mtengo wake, tuzitsulo twatsopano twa nyali na ya wonyamula, zonse zinakwana lendi ya mwezi, ndipo alandilodi ninawauza kuti ukwati umene ninagwilako nchito sunanilipile. Ba mudala anatembenuza tumapaipi tuja m'manja kwa nthawi, ndiye ananifunsa:

"Manje iwe mwaice, track yako ili kuti? Ku Mtendere?"

"Nizapita nayo ku South, ba mudala."

"Liti?"

Sininayankhe. Iwo anapukusa mutu n'kuitana mnyamata wawo kuti abweletse masipanala.

Ninaganiza kuti ni nchito ya ola limodzi. Tinayamba 09:00, tinamaliza dzuwa litalowa. Coyamba unali mkangano wa pomanga. Ukafuna ma clip-on akhale pamwamba pa top yoke, ufunika kukankhila mafoloko m'mwamba kuti atulukile masentimita angapo. Zimenezi zimatsitsa mphuno ya honda. Honda yotsika mphuno imakhota mwamsanga, koma imataya bata ikathamanga, ndiponso mapaipi a ekizozi a pansi amayandikila mahampu, ndipo mudziwa mahampu a m'makomboni mwathu mmene alili. Ba mudala anakanilatu. Tinasankha pansi pa yoke, kutanthauza kumasula nati yaikulu ya pakati, kunyamula yoke yonse, kucotsa zitsulo zogwila nyali cifukwa zinali kutsekeleza malo, n'kumanga nyali na tuzitsulo twatsopano. Manja anatsikilatu kuposa mmene ninali kuganizila. Pamene panali kukhala hendulo yakale panatsala pululu, ngati m'kamwa mwa munthu wocotsedwa mano.

Kenako tuzinthu tung'ono-tung'ono tumene mavidiyo sakuonetsa. Kabokosi ka maswichi na ka throttle kali na kamsomali mkati, kamene kamalowa m'kabowo pa hendulo kuti kasazungulile. Ma clip-on aja mabowo ake anali a SV, sanagwilizane na maswichi anga. Ine ninati tingokapala kamsomaliko na fayelo. Ba mudala ananiyang'ana monga natukwana pa malilo. Anapima, kucita cizindikilo, n'kuboola mabowo atsopano. Kabotolo ka mafuta a buleki nako kanapangidwila hendulo yogona mowongoka. Pa clip-on kamapendama, ndipo mafuta akacepa kabowo ka pansi kangamwe mphepo, buleki n'kufewa ngati siponji. Anakadzaza mpaka pa mzele wa pamwamba n'kuniuza kuti nizikayang'ana sabata iliyonse. Titakhotetsa hendulo mpaka kumapeto, maswichi anagunda thanki, kho! Iwo anafuna kuwochelela kacitsulo pa choletsa ca pa khosi la honda kuti isamakhote kufika pamenepo. Ninakana, cifukwa nikanayamba kufuna bwalo la bola kuti nitembenuke. Tinangotambasulako tumapaipi kunja pang'ono, kusiya mpata wa cala cimodzi pakati pa throttle na thanki.

Cotsala cinali makebulo. Popeza manja anayandikila injini, makebulo a throttle na a kilachi anatalika kupitilila. Ba mudala anati nisiye honda mpaka pa Mande, apeze afupi. Koma linali dzulo la Ciwelu, ndipo ine mu mtima ninali kale pa Great East Road. Ninawapinda nekha kumbuyo kwa nyali n'kumanga na cable tie. "Cabwino, liza injini," iwo anatelo. "Usagwile throttle. Khotetsa uku na uku, umvele." Kumanzele, injini ili cimodzi-modzi. Kumanja mpaka kumapeto, inakweza mawu pang'ono, monga munthu wofunsa funso.

"Wamvela?"

"Ni pang'ono cabe, ba mudala."

"Kebulo ikokeka iyo. Pa Mande ubwele, osati vina."

Ine amene nchito yanga ni makutu, amene nimazindikila kulila kwa fani ya mu situdiyo pa mawu ojambula, ninamvela bwino-bwino. Pa Mande sininapite. Pa Mande inzake sininapitenso.

Niyenela kukamba cilungamo, pa Sondo yoyamba inali yokoma. Ninacoka m'mamawa msewu ulibe anthu, kupitilila pokhotela ku eyapoti, kulunjika ca ku Chongwe. Ukafika pa 90 kapena 100, mphepo imalowa pansi pa cifuwa n'kukunyamula, manja amapepuka, injini ya masilinda 4 imaimba pansi pa cibwano cako. Pa makona aatali honda inali kugona nikangoiganizila. Pa filling station anyamata awili anaijambula. Ninabwela ku nyumba nikudziona ngati nambala 33 ya Binder ili pa msana panga.

Pa Mande ninakumana na Lusaka. Mu mzele wa mamotoka mulibe mphepo yokunyamula, conco thupi lonse limatsamila pa mfundo za manja. Pofika pa Kabwe roundabout zala ziwili za kumanja zinali zitafa dzanzi. Kale ninali kuona pamwamba pa ma Corolla n'kudziwilatu kuti kutsogolo minibasi yaima. Lomba mutu unali pansi, ndipo kuti nione malobhoti ninali kupinda khosi m'mwamba ngati nkhuku ikumwa madzi. Magalasi anali kunionetsa zigongono zanga. Dzenje lililonse la mu msewu, limene kale ninali kulilandila na matako na miyendo, linali kubwela mwacindunji m'manja na m'mapewa. Hendulo yaifupi ilibenso mphamvu yopotozela: pa track zimenezo zilibe kanthu cifukwa supotoza kwambili, koma pakati pa wilibala, ngolo ya makala na mayi wa tomato umafuna honda imene imamvela mwamsanga pa liwilo la munthu woyenda pansi. Cola ca kumsana naco cinayamba kukankha helemeti kucokela kumbuyo. N'cifukwa cake lekoda ya wailesi ninaicotsa m'cola n'kuyamba kuiika m'thumba la jekete, la kumanja.

Amake mwana anakwela kamodzi cabe. Ine nitawelama, iye anatsala pamwamba yekha monga mbendela, wopanda msana wotsamila. Nikagwila buleki anali kutsetseleka kunigwela, kulemela kwathu tonse awili n'kuthela m'manja mwanga. Titafika ku Soweto anatsika, kukonza citenge, n'kunena mwaulemu kwambili, umene umaopsa kupambana kukalipa: "Atate ake mwana, pobwelela nizakwela basi. Imwe pitilizani na mpikisano wanu." Kucokela tsikulo ya basi inayamba kucoka pa ndalama ya ndiwo.

Sabata ya namba 7, pa Cinayi, ninatumidwa ku mudzi wina kupitilila Chongwe. Gulu la amayi a village banking linali litapempha kwa miyezi kuti libwele pa wailesi, likambe mmene linagulila cigayo na ndalama zosonkha lokha. Ukacoka pa tala pali msewu wa fumbi, ndipo m'malo otsika muli mcenga. Pa mcenga munthu amafuna kukhala kumbuyo, kupepukitsa tayala la kutsogolo, manja otambalala. Ine ninali na zonse zotsutsana na zimenezo. Tayala linali kulima, ine thukuta kamu-kamu, mapazi pansi ngati bakha. Maso ali pa mcenga, ninapitilila mtengo wa mango pamene amayi anali atakhala pa mphasa kuniyembekeza. Ninamva akuitana kumbuyo. Ninati nitembenuke pomwepo.

Ninakhotetsa kumanja mpaka kumapeto. Mpata wa cala cimodzi uja tinaupima na dzanja lopanda gilovu. Cala cacikulu cinapanikizika pakati pa throttle na thanki, ndipo nthawi imodzi-modziyo injini inafunsa funso lake lija, koma ulendo uno mokweza. Honda inalumphila kutsogolo, dzanja lokanika kubweza throttle. Ninacita cimene nimauza omvela pa Cisanu paliponse kuti asacite: ninakoka buleki ya kutsogolo hendulo ili yokhota. Ninagwela kumanja, phi! Liwilo silinafike ngakhale la njinga yopalasa. Amayi anathamanga, ena kunyamula honda, ena kunipukuta fumbi, "Pepani ba wailesi, pepani mwana wathu." Cikhadabo cinacita bii, bondo linasupuka, koma zonsezo sininazimve. Ninamva kuphwanyika m'thumba la jekete.

Wailesi yathu inali na lekoda imodzi yotuluka nayo panja. Imodzi. Galasi lake linasweka, tumamaikolofoni twa pamwamba tunapindika, ndipo sinayakenso. Ninajambula na foni, pansi pa mango, mphepo ya August ikuomba. Amayi anakamba bwino kwambili. Wina anafotokoza mmene amuna awo anali kuwaseka poyamba, wina anawelenga ndalama zonse pamtima popanda kuyang'ana m'buku. Pomaliza ananifunsa tsiku na ola, kuti auze abululu awo a ku tauni akamvele. Ninawauza kuti pa Ciwili, 14:00. Usiku nitaika mahedifoni ninapeza mphepo yokha-yokha, mawu akumveka patali ngati munthu ali pansi pa citsime. Pa Ciwili 14:00 tinaliza nyimbo.

Amayi oyang'anila siteshoni anayamba na kufunsa ngati napweteka. Kenako anaika lekoda pa tebulo pakati pathu n'kukhala cete. Kwa masabata atatu anzanga onse anali kujambula na mafoni cifukwa ca ine, ndipo mtsikana wathu wa nkhani za umoyo anataya mwayi wokamba na anamwino amene anawasakila kwa mwezi. Lekoda ina ninalipila pang'ono-pang'ono, maukwati anayi. Ku mudzi kuja ninabwelelako na minibasi, n'kumaliza na njinga ya kabaza, ndipo pulogilamu inaulutsidwa mocedwa na mwezi wathunthu. Amayi aja sananidzudzule. Ananipatsa nshawa zoti nikapatse mwana, ndipo zimenezo zinaniwawa kupambana cala.

Ba mudala ataona thanki yophwanyika mbali anangoti, "Cakomacakoma pusi anagwa cagada," n'kupita kumbuyo kwa shopu. Anabwela na makebulo afupi ali m'pepala. Anali atawapeza pa Mande yoyamba ija.

Msuweni pa foni anayamba na kuseka, kenako analeka. "Msuweni, pa track palibe potembenukila. Munthu umangopita kutsogolo mpaka akuimitse na mbendela. Ija SV yanga siidziwa lobhoti, imapita pa vani, imabwela pa vani." Ananikumbutsa cimene sininafune kuona tsiku lija, kuti iye anasunthilanso kumbuyo na m'mwamba zopondapo mapazi. Ukatsitsa manja koma mapazi n'kuwasiya pakale, thupi limapindika ngati mpeni wa m'thumba, mawondo sagwila bwino thanki, ndipo kulemela kumene miyendo na mimba zinafunika kunyamula kumathela m'manja. Ine ninacita theka la nchito. Ndiye ananiuza cina cimene cinanikhumudwitsa: caka cake coyamba conse pa track anayenda na hendulo wamba. Ndalama zinali kupita ku matayala abwino, mapadi a buleki, mafuta a buleki atsopano na kulipila masiku a track. Ma clip-on anaika pamene hendulo inayamba kumutsekeleza pa kona, osati poyamba. "Funa Eddie Lawson pa intaneti," anatelo. Ninamufuna. Munthu uja anatenga cikho ca AMA Superbike ku America mu 1981 na 1982 pa Kawasaki ya hendulo yotambalala, atakhala pamwamba ngati apita kukagula buledi. Ine amene amayi a imvi ananipitilila kawili, hendulo sindiyo inali kunicedwetsa.

Nikali kukhulupilila kuti pa malo pake ma clip-on ni abwino, ndipo amene akuti ni fashoni cabe sanagonekepo honda pa kona ya track. Cimene nimakana ni cimene nimaona masiku ano pa anyamata ena opeleka katundu, amene amatembenuzila pansi hendulo ya Boxer kuti ioneke ya mpikisano, bokosi lalikulu lili kumbuyo, makebulo atapindika ngati matumbo a nkhuku. Imwe amene mumayenda maola 10 pa tsiku pakati pa maminibasi, khosi na manja ndiye kapito yanu. Ndipo ngati mwasintha ciliconse pa hendulo, musanacoke pa makanika lizani injini, siyani throttle, khotetsani uku na uku. Ikasintha mawu, musakwele.

Zimenezi ninazikambanso pa wailesi, koma osati mwa kufuna kwanga. Pa pulogilamu ya pa Cisanu ya citetezo ca pa msewu, nili pakati pofotokoza za mahelemeti, womvela wina anatuma foni. "Ba MC, ise tinamvela ati munagwa ku Chongwe pamaso pa azimayi. Ni zoona?" Mnzanga wa pa makina anaika dzanja pa batani kuti amudule. Ninamukaniza na mutu. Ninafotokoza zonse, kuyambila pa lendi mpaka pa kebulo, ndipo mafoni sanaleke kulila mpaka nthawi ya nyuzi. Alandilodi nawonso anali kumvela.

Kubweza hendulo yakale kunatenga masana amodzi. Nitakhalapo ninaona monga nabwela ku nyumba kucoka ku ulendo wautali, ndipo tsiku lotsatila amake mwana anakwela popanda kukamba ciliconse, anangonigwila m'ciuno. Anthu awili afunsapo kale kuti niwagulitse tumapaipi tuja. Nakana. M'katoni muja muli lomba ma clip-on, makebulo afupi, tuzitsulo twa nyali, na kapepala kamene ba mudala analembapo dongosolo la kamangidwe na dzanja lawo. Nalowanso cilimba, ulendo uno amake mwana akudziwa. Kucoka kuno kufika ku Pretoria ni makilomita opitilila 1,500, ndipo nizayenda nitakhala mowongoka, katoni ili m'cola. Tikamanga pa galaji ya msuweni dzulo lake, tikamasula tsiku lotsatila, ndipo iye walonjeza kunibweleka zopondapo mapazi ngati zizakwana.

Dzulo usiku mwana anatulutsanso kamodzi. Anakhala pa mpando, kukhosomola monga mmene nimacitila nisanatsegule maikolofoni, n'kuyamba: "Mwacoma bwanji omvela. Nazi nkhani. Adadi anagwa ku Chongwe." Amake anaseka mpaka anakhala pansi pa khomo la kicheni, mthiko uli m'manja.